Wosamva wa Pansi pa Mafani

Chimene sindinachimvetse mwa alamu anga, ndipo mpaka lero sindichimvetsa, n'chakuti munthu angasankhe bwanji kudedwa pamene akanatha kumveredwa chisoni. Ife kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti wodwala amanena matenda ake kuti athandizidwe, ndipo ine ndinakula ndikuyesa kuti anthu onse amaganiza choncho. Alamu anga sankaganiza choncho. Anakwatira achemwali anga aakulu, ndipo tinagwira ntchito pafakitale imodzi zaka zambiri, ine m'sitolo ya zipangizo, iwo panja, ku makula.

Ndiyambe ndafotokoza makulawo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Fakitale yathu imayenga mafuta, ndipo mafutawo amatuluka m'makina ali otentha kwambiri. Ayenera kuzizira asanalowe m'matanki. Mafakitale a m'mbali mwa mitsinje amaziziritsa ndi madzi, koma kwathu madzi ndi osowa, choncho amene anamanga fakitaleyo anasankha mphepo. Kuseri kwa nyumba ya makina kuli nsanja yachitsulo yaitali. Pamwamba pake pagona mapaipi ang'onoang'ono ambirimbiri m'mizeremizere, ndipo paipi iliyonse inakulungidwa ndi timalata topyapyala tothithikana, timene timatcha zipsepse poti timafanana ndi za nsomba. Pansi pa mapaipiwo pali mafani akuluakulu, phiko limodzi lotalika kuposa munthu. Mafuta otentha amadutsa m'mapaipi, zipsepse zimakoka kutenthako, mafani amaomba mphepo kuchokera pansi n'kukuulutsira kumwamba. Zonsezo pamodzi ndiwo makula. Aliyense wolembedwa ntchito kumene ankauzidwa kuti ayambire ku makula, akakule.

Zipsepse n'zosalimba. Fumbi, tizilombo ndi nthenga za mbalame zimatsekamo, ndipo nsapato ya munthu wosasamala imazipinda. Zikapindika mphepo sidutsa, mafuta sazizira, fakitale yonse imabwerera m'mbuyo. Ntchito ya alamu inali kuzitsuka ndi kuziwongola ndi kachitsulo ka manomano. N'chifukwa chake ankatchedwa a Chipeso. Achemwali ankakonda kunena kuti, "Mwamuna wanga amapesa zitsulo tsiku lonse, koma taonani mutu wakewo."

Sindinena kuti anali katswiri woposa onse. Munthu akachoka timakonda kumukuza, ndipo ine chizolowezi chimenecho ndimachiopa. Ankagwira ntchito yawo bwino, pang'onopang'ono, monga ankagwirira enanso. Sankamwa mowa, komanso sankapemphera kwenikweni.

Mafani akalewo anali ndi mapiko achitsulo othamanga kwambiri, ndipo phokoso lake unkalimva mpaka m'mano. Pansi pa nsanja munthu sunkamva ngakhale mawu ako omwe. Ogwira ntchito kumeneko anali ndi chiyankhulo chawo cha manja. Kuzunguliza chala kunali kuyatsa, dzanja pakhosi kunali kuzimitsa, kusisita mimba inali nthawi ya chakudya, ndipo kutukumula masaya kunkatanthauza kuti kapitawo akubwera. Zotsalazo ankawerenga pamilomo. Zotsekera m'makutu zinabwera mochedwa, ndipo wogawa ndinali ine. Ambiri ankangoziponya m'thumba.

"Izi ndikavala kunyumba," anatero wina, "mayi akatsegula msonkhano wawo."

Alamu anandibwezera zawo pawindo la sitolo. "Lamba wa fani akafuna kuduka amayamba walira. Ndimumva bwanji nditatseka makutu?"

Panali bambo wina amene anawaphunzitsa alamu kupesa zipsepse. Lamulo la fakitale linkati munthu wosamva sayirini asakwere nsanja. Bamboyo atamuyeza makutu anamutsitsa, n'kumupatsa tsache. Dzina lake linaiwalika, onse ankangoti Gonthi. Anyamata ankamudzera kutsogolo n'kumamutukwana uku akumwetulira, iye n'kumabweza kumwetulirako, kuyesa moni. Alamu ankaona zimenezi ali pamwamba pa nsanja, chaka ndi chaka, mpaka bamboyo anamwalira.

Sindidziwa kuti zinayamba liti, koma panafika nthawi imene a Chipeso anasiya kuyankha moni. Munthu akati, "Mwadzuka bwanji, a Chipeso?" iwo zii, n'kudutsa. Kapitawo, munthu wonenepa wokonda kulemekezedwa, ankawaitana kumbuyo mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka.

"A Chipeso! A Chipeso inu! Taonani, akungoyenda. Ameneyu samva!"

Mawu akuti samva ali ndi makomo awiri, lina la matenda, lina la mwano. Anthu anawalowetsa alamu pakhomo la mwano, ndipo iwo analowa mokondwa n'kutseka. Akazindikira kuti wina wakhala akuwaitana, ankatembenuka pang'onopang'ono, kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Ndakumva kale. Ukukuwa ngati ukuitana mbuzi za kwanu bwanji?" Munthu uja ankachoka atanyowa. Posakhalitsa fakitale yonse inkadziwa kuti a Chipeso ndi odzikuza, ndipo ambiri ankawaopa. Anyamata aja akawaona ankapatuka.

Inenso ndinakhulupirira zomwezo. Tsiku lina Loweruka masana ndinapita kunyumba kwawo kukadandaula kwa achemwali kuti mwamuna wawo akundichititsa manyazi. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, makina osokera ali pafupi ndi windo. Alamu anakhala pakampando panja, atatifulatira, akusoka nsapato ya mwana. Achemwali anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anaimirira pakhomo.

"Bambo a ana," anatero ndi mawu a masiku onse, "nyumba ikupsa."

Alamu anakoka ulusi.

"Bambo a ana, ndapeza mwamuna wina. Wa galimoto. Ndikupita mawa, ana ndikusiyirani."

Alamu anatembenuza nsapato n'kuyamba mbali ina. Achemwali anaseka, kuseka kuja n'kusanduka china, n'kupukuta maso ndi nsonga ya nsalu imene ankasoka.

"Mwaona, achimwene? Khutu lamanzere linatha kalekale. Lamanja latsala pang'ono. Iwo akuyesa kuti ine sindidziwa. Ndikafuna kuyankhula nawo ndimadzera kutsogolo ngati ndikufuna kutenga chinthu. Musadzanene kwa munthu. Akawadziwa kuntchito awatsitsa pansanja, ndipo inu mukudziwa chimene amaopa."

Ana awo sankadziwa. Ankangoti bambo ndi ouma mtima. Mwana wawo wamkazi tsiku limene anakhoza mayeso anawathamangira pamsewu akufuula kumbuyo kuti, "Ababa, ndakhoza!" Iwo anangoyendabe mpaka kulowa m'nyumba. Mwanayo sanadye tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwayang'anitsitsa, ndipo ndinaona chimene ndinali ndisanachione. Nthawi ya chakudya, ena onse akathawira kumthunzi wa kutali ndi phokoso, alamu ankadyera pansi pa mafani ndi awiri kapena atatu amene anali pantchito. Kumeneko anali munthu wina. Pansi pa mafani aliyense ndi gonthi, ndipo pakati pa agonthi iwo ndiwo ankamva bwino kuposa onse. Ankasimba nkhani ndi manja, kutsanzira mayendedwe a kapitawo, anzawo n'kumagwira nthiti. Akangotuluka m'phokosomo nkhope ija inkatsekeka ngati chitseko.

Zinayenda choncho zaka zingapo, mpaka kunabwera injiniya watsopano, mayi wachitsikana, wodekha, wopereka moni kwa aliyense. Atayendera makula anatuluka atagwira makutu. Anati mafani otero anasiya kupangidwa kalekale, amadya magetsi ambiri ndipo amapha makutu a anthu. Analimbana ndi akuluakulu mpaka anavomera kugula ena. Atsopanowo anali ndi mapiko otambalala, opepuka, a pulasitiki wolimba, opotoka pang'ono kunsonga. Ankazungulira modekha koma n'kumakankha mphepo yochuluka kuposa akale. Analinso ndi nzeru ina. Mafuta akakhala ozizirirapo, monga m'mawa, fani inkaima yokha, ndipo akatentha inkadziyatsa yokha, sayirini itayamba yalira. Mayiyo sanalakwe chilichonse. Ndaifufuza nkhaniyi mbali zonse ndipo cholakwa chake sindinachipeze.

"Makutu anu apumako tsopano, abambo anga," anawauza ogwira ntchito.

Tsiku limene anayatsa mafani atsopano, anthu anaima pansi pa nsanja ali kakasi. Wina anayesa kunong'ona, mnzake n'kumumva. Anaseka ngati ana. Wina anati, "Kani mawu ako ndi onyansa chonchi? Bwezerani mafani akale!" Posakhalitsa chiyankhulo cha manja chinafa, poti panalibenso wochifuna. Anthu anayamba kuyankhula atayang'ana kumbali, atawerama, milomo ikungogwedezeka pang'ono. Alamu ankaima pakati pawo maso ali mwazumwazu, kusaka pakamwa poti agwirepo mawu.

Malangizo a mafani atsopano anaperekedwa tsiku limene amisiri ankapala dzimbiri pansanja, ndipo fumbi linali koboo. Aliyense anavala chotchinga pakamwa ndi pamphuno, injiniya yemwe. Anafotokoza kuti fani yoima si yakufanso monga kale, kuti munthu asanalowe pansi pa mapaipi azikhoma switchi ndi loko n'kusunga kiyi m'thumba, ndiponso kuti sayirini ikalira aliyense atalikire. Ine ndinalipo, poti maloko ankachokera kusitolo kwanga.

"Mwamva nonse?"

"Tamva, mayi."

"A Chipeso, inu ndinu mumalowa pafupi ndi mapiko. Mwamva?"

Alamu anaona maso onse atatembenukira kwa iwo, ndipo anadziwa kuti afunsidwa kanthu.

"Ndamva, mayi."

Nditaweruka ndinawatsata kuti ndiwabwerezere, ndikuwayang'ana kumaso. Nditangotchula za mafani anandidula. "Alamu, inu werengani mabawuti anu. Makula tisiyireni eni ake." Ndinawaikira loko m'dzanja, ndikunena kuti ndi ya paswitchi. Anaiponya m'bokosi la zipangizo.

M'mawa wina kukuzizira, fani ya kumapeto inali itaima. Kwa zaka zonse za alamu, fani yoima inkadikira munthu woti aiyatse, ndipo munthuyo ankayamba wasuzumira. Anatsegula kachitseko ka waya, kulowetsa makwerero pakati pa mapiko, n'kukwera kukapesa zipsepse za kunsi. Dzuwa linakwera, mafuta anatentha, sayirini inalira. Anthu atacheuka anaona miyendo ya makwerero m'kati mwa fani. Anakuwa onse pamodzi. Phiko linayamba kuyenda pang'onopang'ono, linakankha makwerero, alamu anagwera pawaya wotchinga pansi, makwerero anakodwa, phiko limodzi n'kung'aluka. Kapitawo ndiye anathamanga, ndi kunenepa kwake konse, kukamenya batani lofiira. Alamu anatuluka okha, phewa litagweluka, chipeso chili m'manja.

Mlandu unakambidwa mu ofesi ya mkulu woona za antchito, chipinda chaching'ono cha tebulo limodzi ndi kabati yachitsulo. Munali mkuluyo, injiniya, kapitawo, alamu dzanja lili m'nsalu yokoleka m'khosi, ndi ine monga wachibale. Alamu anasankha mpando woyang'anizana ndi onse.

"Mayi injiniya anakuuzani za loko?" anafunsa mkuluyo.

"Anandiuza."

"Sayirini munaimva?"

"Ndinaimva."

"Nanga bwanji simunatsike?"

"Ndimafuna ndimalize mzere umene ndinayamba. Ine sindithamangitsidwa ndi belu ngati mwana wasukulu."

Kapitawo anamenya tebulo. "Mwadzimvera nokha, bwana! Ndakhala ndikunena ine. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Munthu ameneyu mwano unamulowa m'mafupa."

"A Chipeso," anatero mkuluyo, "ngati munamva n'kunyozera dala, ndiye kuti ntchito yatha lero lomwe. Mukudziwa zimenezo?"

"Ithe."

Ananena mawu amenewo mopepuka, ngati munthu amene watula katundu. Akanatuluka pageti tsiku limenelo ali a Chipeso amwano, amene ngakhale fani sinawaopse.

Koma injiniya anali akuwayang'ana nthawi yonseyi. Anatenga chipewa chake chantchito patebulo, kuchikweza mpaka chinabisa pakamwa pake, n'kuyankhula momveka bwino.

"Bambo, ngati mukundimva kwezani dzanja lanu labwinolo. Mukakweza, nkhani yatha, mawa mubwerere ku makula."

Alamu anayang'ana maso a mayiyo, kenako athu, mmodzimmodzi. Anadziwa kuti panenedwa kanthu. Anatsamira kumbuyo, n'kumuyang'ana injiniya kuyambira kumapazi.

"Zimenezo ndamva kale, mayi. Chitani chimene mukufuna."

Dzanja linali phee pabondo.

Woyamba kuyankhula anali kapitawo. "Mayo ine! Zaka zonsezi?" Anazungulira tebulo, kuwagwira paphewa labwinolo, kuyandikitsa nkhope yake, n'kukuwa mawu amodziamodzi. "Pepani, achimwene! Sitimadziwa! Pe-pa-ni!"

Ndinawaona alamu tsiku limene anagwa m'fani, ndipo nkhope yawo sinasinthe. Inasintha pamenepa.

Sanawachotse ntchito. Anawatumiza kuchipatala, kumene dokotala anati makutu ophedwa ndi phokoso sadzukanso, n'kuwapatsa kachipangizo kovala kukhutu kamene kankangowalizira mluzu m'mutu. Pansanja sakanakweranso. Injiniya anakana zoti apatsidwe tsache, choncho anawaika m'sitolo mwanga kuti azipukuta ndi kusanja zipangizo. Aliyense anawachitira chifundo. Amene kale ankapatuka tsopano ankawagwira pamkono, kuwasonyeza chala chachikulu, kuwafunsa ndi manja ngati adya, monga timachitira ndi mwana. Amayi ogulitsa tiyi pageti ankawathirira wodzaza. Kapitawo ankabwera m'mawa uliwonse kudzakuwa moni pawindo. Anyamata aja anayamba kuwamwetulira, ndipo alamu ankayang'anitsitsa milomo yawo kuti aone chimene chili kuseri kwa kumwetulirako. Kawirikawiri kunalibe kanthu. Koma tsiku lina awiri ataima patali pabwalo, wina analoza kusitolo ndi chibwano n'kunena mawu amodzi. Ine sindinamve, kunali kutali. Alamu anawawerenga pamilomo.

Masana amenewo anandiyankhula akupukuta sipanala, osandiyang'ana.

"Alamu, kale ndikamadutsa anthu ankatsitsa mawu. Tsopano akukweza."

Patapita kanthawi anakweza maso.

"Tandiuzani zoona. Mafani atsopanowa akulira bwanji?"

Ndinawayang'ana kumaso n'kunena pang'onopang'ono kuti akulira ngati mvula ya kutali.

"Ngati mvula," anatero. "Kani zinali zotheka." Anabwezera sipanala pamalo pake n'kutenga ina.

Kunyumba nakonso nkhani inafika. Mwana wamkazi uja, amene tsopano anali wamkulu, anabwera kudzalira pamiyendo pawo, kupepesa kuti anawada zaka zonsezi popanda chifukwa. Oyandikana nawo nyumba anabwera kudzazonda ngati pagwa maliro. Alendo atapita, alamu anawafunsa achemwali chifukwa chimene iwo okha sanadabwe. Achemwali si munthu wodziwa kunama akafunsidwa maso ndi maso. Anawauza kuti anadziwa kuyambira kale, mwana wotsiriza asanabadwe.

"Nanga achimwene anuwo?"

"Nawonso akudziwa. Ndinawauza ndine."

Achemwali amati alamu anayang'ana makina osokera, kenako anafunsa kuti, "Ndiye ndimabisira ndani?" Sanakalipe. Anadya chakudya chawo, anathokoza, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

Sabata yotsatira, tsiku lantchito, anavala ovolosi ndi nsapato zawo zachitsulo kunsonga, anatenga kachikwama kamene ankanyamulira chakudya, n'kutuluka nthawi ya masiku onse. Achemwali anayesa apita kuntchito. Ine nditaona kuti sanafike ndinayesa phewa lawavutanso. Mlonda wa pageti ndiye anatiuza madzulo kuti anawaona m'mawa akubwera ndi gulu la antchito, koma ena atakhotera pageti iwo anapitirira. Mlondayo anawakwezera dzanja, iwo anakwezanso lawo, n'kulunjika kumsewu waukulu.

Tinafunsa kwa abale awo onse, kuchipatala, kupolisi ndi kokwerera mabasi. Wina anati anawaona pamalo ophwanyira miyala, koma titapitako tinapeza munthu wina. Wina anati ali kuchigayo cha m'tauni ina, ndipo achemwali anakwera basi kupita kumeneko, n'kubwerako okha. Dalaivala wina wa lole ya fakitale, munthu amene sindinamugwirepo bodza, anati m'mawa womwewo anawaona pamphambano ya misewu kunja kwa tauni, ataima m'mbali, kachikwama kali m'khwapa. Mabasi awiri anali ataima pamenepo, ina yopita uku, ina uko, koma iwo sankaonetsa zofuna kukwera iliyonse. Dalaivalayo anali ndi katundu wofulumira, sanaime. Pobwerera masana anachepetsa liwiro pamphambanopo kuti awatenge, koma anapeza palibe munthu.